Batire ya galimoto musaiyese ndi mtunda wokha

Anthu akamakambirana za galimoto zoyendera magetsi, funso limakhala limodzi: ikatchajidwa imayenda makilomita angati? Funso limeneli ndi la munthu wa ulendo wa ku Karonga. Wonyamula tomato kuchoka kudimba kupita pamsika wa Lizulu afunse zina: batire imadzadza msanga bwanji, nanga ikhala zaka zingati?

Pamenepa mpamene ndikuikira kumbuyo batire ya lithium titanate. Kampani ya Toshiba ya ku Japan idayamba kuigulitsa mu 2008 ndi dzina loti SCiB. Idaikidwa m'galimoto za magetsi za Mitsubishi i-MiEV zina mu 2011 ndi Honda Fit EV mu 2012, ndiponso ka batire kakang'ono kotere kamathandiza injini ya petulo mu Suzuki Wagon R kuyambira 2012.

Mabatire ambiri a lithium ali ndi graphite mkati. Graphite imafufuma batire ikamatchajidwa, nkuphwa ikamagwira ntchito, ndipo kufufumafufumaku kumaikalambitsa. Titanate safufuma motero. Nchifukwa chake eni ake akuti batire yawo imadzadza magawo 80 pa 100 m'mphindi 6, ndipo itha kutchajidwa maulendo 20,000. Werengani nokha: katatu pa tsiku, ndi zaka 18. Galimoto idzayamba kutha ndi dzimbiri batire ikadalipo. Kugwira moto nkosowanso, nkhani yosapeputsa pamene anthu akhala pamwamba pa matumba a chimanga.

Zovuta zake sindibisa. Selo imodzi imapereka mavoti 2.3 kapena 2.4, pamene inzake ya graphite imafika 3.6. Kuti musunge magetsi ofanana mufunika batire yaikulu, yolemera ndi yodula, ndipo kulemera kulikonse kwa batire ndi dengu la tomato lotsala pansi. Pa ulendo wautali siyenera. Imayenera galimoto ya matola, yoyenda pang'ono nkuima, kutsitsa katundu, kutchaja dalaivala akudya chiwaya, nkubwereranso kumudzi.

Chondidetsa nkhawa si batire koma waya. Kudzadza m'mphindi 6 kumafuna magetsi amphamvu kwambiri, osati soketi ya pa golosale. Kalabu ya alimi imene ikuganiza zosonkha ndalama kugula galimoto yotere iyambe yafufuza ngati thiransifoma ya pamsika pawo ingapirire, ndi masiku angati pa sabata amene magetsi amayaka tsiku lonse.