Wokwera boti la anzake ndi mlendo kapena mkamwini?

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Tanthauzo lake n'lodziwika: wodzacheza sakhalitsa, choncho eni khomo amupirire, amuphere nkhuku, amuyalire mphasa yatsopano, pakuti dzuwa likakwera adzakhala atapita. Mwambi umenewu wasunga mtendere m'makomo ambiri. Koma alipo malo amodzi pamene ungathe kumusokeretsa munthu, ndipo malowo ndi m'boti la matanga la anzake, pakati pa nyanja ya mchere, pamene mame alibe kothawira.

Masiku ano zimachitika kuti mdzukulu amene akugwira ntchito ku London kapena ku Toronto aitanidwe ndi anzake kukathera tchuthi pa boti lawo ku zilumba za Caribbean. Woitanidwa chotere avomere ndithu, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Chofunika n'chakuti adziwe udindo umene akukavala akangoponda m'botimo.

Mwa malo otchuka pa maulendo otere ndi Grenadines, mndandanda wa tizilumba tokhala pakati pa St Vincent kumpoto ndi Grenada kummwera. Ambiri amanyamuka pa St Vincent, kuwoloka makilomita pafupifupi 15 kukafika ku Bequia, kenaka n'kutsikira ku Canouan, Mayreau ndi Union Island. Pachimake pa ulendowo ndi Tobago Cays, tizilumba tisanu topanda anthu, pamene mpanda wa matanthwe a pansi pa madzi wotchedwa Horseshoe Reef umatchinga mafunde. Madzi ake ndi oyera moti mchenga wa pansi umaoneka, ndipo akamba a m'nyanja amadya udzu wa m'madzi pafupi ndi kachilumba ka Baradal. Zimenezi n'zimene zimatumizidwa pa foni. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chithunzi sichionetsa m'mene anthu asanu ndi mmodzi akhalire sabata yathunthu m'chombo chotalika mamita 12.

Munthu wokwera boti la anzake afanana ndi mkamwini kuposa mlendo. Mkamwini amadya pamudzi pa eni, amagona pomwepo, koma sakhala pamphasa kudikira nsima. Amalawirira ndi khasu, amafunsa asanagwire chinthu, ndipo amadziwa kuti mudziwo udali ndi malamulo ake iye asanabwere. M'boti namo ndi chimodzimodzi. Nsapato za pamsewu zimavulidwa polowa. Sutikesi yolimba ilibe poisunga, pafunika chikwama chopindika. Chimbudzi chimapopedwa ndi dzanja, ndipo kanthu kakang'ono kotayidwamo molakwika kangatseke paipi, mwini boti n'kuthera tsiku lonse manja ali m'zonyansa. Ubwenzi wa zaka makumi awiri ungathe kugwedezeka pa nkhani yochititsa manyazi ngati imeneyo.

Nkhani yaikulu ndi ya madzi. Nyanja yonseyo simwedwa. Thanki ya boti lotere imasunga malita mazana ochepa chabe, ndipo omwewo ndiwo akumwa, ophikira, otsukira mbale ndi osamba. Maboti ena ali ndi makina ochotsa mchere m'madzi, koma makinawo amadya magetsi a m'mabatire, ndipo nthawi zina amafa. Kumtunda nako si kodalira, pakuti tizilumba ta Grenadines tilibe mitsinje. Eni ake amakolola mvula ya padenga n'kusunga m'mathanki. Apa mdzukulu amene adasenzapo ndowa kuchokera ku mjigo ali ndi mwayi woposa mnzake wokulira pa mpopi. Iye amadziwa kulemera kwa malita 20, ndipo safuna womuuza kuti atseke mpopi pamene akudzola sopo.

Chovuta kwambiri kwa munthu woleredwa bwino ndi mawu a woyendetsa boti. Mwambo umati wamkulu alankhulidwe mofatsa, mozungulira, mwa ulemu. Koma woyendetsayo angathe kukhala wamng'ono kwa alendo ake, ndipo boti likamatembenuka alibe nthawi yokometsera mawu. Mtanda wa m'munsi mwa thanga lalikulu umadutsa kuchokera mbali ina kupita ina ndi mphamvu yotha kuswa mutu kapena kugwetsera munthu m'madzi. Akakuwa kuti "weramani!" ndiye kuti pawerame aliyense, kaya ndi dokotala, kaya ndi wa imvi. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera; pa nyanja sadikira kuti agonere. Wofuna kufunsa chifukwa afunse madzulo, nangula ataponyedwa. Ndipo wokwiya ndi kukuwako aganizire bwino: amene wamukuwirayo ndiye adzayankhe mlandu kwa abale ake ngati sabwerera kwawo.

Za chizungulire ndi kusanza, palibe manyazi. Zimagwira ngakhale amalinyero akale. Mipata ya pakati pa zilumbazi ndi yotsegukira ku nyanja ya Atlantic, ndipo mafunde ake si amasewera. Womva mseru anene msanga, akhale pamwamba pamene pali mphepo, maso ali kutali kumene nyanja ikumana ndi thambo, ndipo zikafika poipa apite mbali imene mphepo ikulowera. Phunziro lotsirizali saliphunzira kawiri.

Pali cholakwa china chimene chimaoneka chaching'ono koma ndicho choopsa: kuumiriza ulendo. Boti la matanga limayenda makilomita ngati 10 pa ola, liwiro losaposa la njinga yakapalasa, ndipo tsiku lonyamuka limalamulidwa ndi mphepo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo mphepo ya kum'mawa imaomba mosalekeza, masiku ena mwamphamvu kwambiri. Mlendo amene wagula kale tikiti ya ndege, kapena amene waikira mtima pa chilumba chakutichakuti, amayamba kung'ung'udza. Mwini boti, poopa kuoneka wouma mtima, amazula nangula pa tsiku limene akadakhala yekha sakadatuluka. Ulemu womwe uja wa kwa mlendo ndiwo umasanduka msampha. Choncho ndi mlendoyo amene ayenera kumasula mnzake, pomuuza ulendo usadayambe kuti kumene mphepo ilole n'kumene kwakwanira, ndi posiya masiku apadera pakati pa kutsika m'boti ndi kukwera ndege. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa za ndalama, eni boti ambiri sanena, koma dizilo, chakudya ndi msonkho wolowera ku Tobago Cays zonse zimalipiridwa. Kupatsa n'kuika. Woitanidwa asonkhe nawo asanapemphedwe, ndipo mbale azitsuka osadikira kuuzidwa.

Chosangalatsa n'chakuti botilo nalonso ndi mlendo, ndipo amalinyero ali ndi mwambo wawo wa kuodira. Union Island ili m'dziko la St Vincent and the Grenadines, pamene Carriacou, imene imaoneka patsidya pomwepo, ndi ya Grenada. Boti likawoloka malire amenewo limakweza mbendera yachikasu, kusonyeza kuti silidaonekere kwa akuluakulu oona za anthu olowa m'dziko. Woyendetsa amapita kumtunda ndi ziphaso za onse, ndipo zikatheka mbendera yachikasu ija imatsika, m'malo mwake n'kukwera kambendera ka dziko la eni. Kodi kumeneku si kuima kunja kwa mpanda ndi kunena "odi" mpaka wina ayankhe?

Eni zilumbazo nawo ayenera kuonedwa ngati eni mudzi. Pa 1 Julaye 2024 namondwe Beryl adakantha Carriacou, Petite Martinique, Mayreau ndi Union Island. Pa Union Island boma lidati nyumba pafupifupi 90 mwa 100 zilizonse zidaonongeka. Bambo wobwera m'mamawa pa kaboti kake kudzagulitsa buledi kapena nsomba angathe kukhala mmodzi wa amene adataya denga tsiku limenelo. Kunenerera mtengo mpaka kumufinya munthu wotere, iwe uli pa tchuthi, si kuchenjera.

Ku Carriacou komweko, m'mudzi wa Windward, anthu amapalabe maboti a matabwa ndi manja, pagombe. Tsiku lotsitsira boti latsopano m'madzi ndi la mudzi wonse. Wansembe amadalitsa, mbuzi imaphedwa ndipo magazi ake amathiridwa pa botilo, mowa wa ramu umawazidwa, chakudya chimaphikidwa m'miphika yaikulu. Kenaka amuna amadula mizati imene idalichirikiza, boti n'kutsamira pa mitengo yoyalidwa pansi, ndipo khamu lonse limagwira chingwe n'kulikokera kunyanja pang'onopang'ono.