Boma Lichotse Manja pa Zovala za Amayi

Amalawi anzanga, makamaka inu amene mudakhalitsa kunja kuthawa nkhanza za chipani chimodzi, ndikudziwa kuti ambiri mumatenga maiko a ku Ulaya ngati aphunzitsi a demokalase. Koma pa nkhani ya nikabu, nsalu yophimba nkhope imene amayi ena achisilamu amavala, aphunzitsiwo adaphonya, ndipo tisachite mantha kunena.

Mu 2010 dziko la France lidakhazikitsa lamulo loletsa kuphimba nkhope pagulu: mumsewu, mumsika, m'basi ngakhale kuchipatala. Lidayamba kugwira ntchito mu Epulo 2011, ndipo wolakwa amalipira chindapusa chofika mayuro 150. Malinga ndi boma lomwelo, amayi ovala motere adali pafupifupi 2,000 okha, m'dziko la anthu opitirira 60 miliyoni. Belgium idatsatira mu 2011, Austria mu 2017, Denmark mu 2018, ndipo ku Switzerland lamulo lotere lidayamba mu 2025.

Akuti n'chitetezo. Chabwino, pachipata cholowera m'dziko, kubanki kapena kukhothi, munthu aonetse nkhope kwa woyenera kumuona. Palibe akukana zimenezo. Nanga mayi amene akungopita kukagula buledi waopseza yani?

Akutinso akumasula mayi woponderezedwa. Ngati alipo mwamuna wokakamiza mkazi wake kuphimba nkhope, amangidwe, ndipo lamulo la ku France limalangadi munthu wotere. Koma chindapusa chija amalipira ndi mayiyo. Kumasula kotani kumeneku kolipitsa womasulidwayo? Wovala mwa kufuna kwake mwamulanda ufulu wa chipembedzo, wokakamizidwa mwamutsekera m'nyumba.

Chinyengo chake chili poyera. Lamulo lomweli limalola zigoba za kumaso pa zikondwerero ndi pa miyambo ya makolo. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, boma lomweli lidalamula anthu kuphimba pakamwa ndi pamphuno m'malo osonkhana, osatero alipitsidwe. Ndiye kuti vuto si nsalu ayi, koma chikhulupiriro cha woivalayo. Khothi la ku Ulaya loona za ufulu wachibadwidwe lidavomereza lamuloli mu 2014, ati anthu azikhalirana poonana nkhope. Mu 2018 komiti ya bungwe la United Nations yoona za ufulu womwewo idati France idaphwanya ufulu wa amayi awiri amene idawalipitsa. Ine ndili kumbali ya komitiyo.

Ife kuno nkhani imeneyi si yachilendo. Mu 1973 boma la Dr Banda lidaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yoonetsa mawondo, mpaka lamulolo lidafafanizidwa mu 1993. Mboni za Yehova adaziletsa mu 1967, ndipo zikwizikwi zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Nthawi imeneyonso tinkauzidwa kuti zonsezi n'zosunga mwambo ndi umodzi. Boma lokakamiza mayi kufunda, monga achitira a Taliban ku Afghanistan, ndi boma lomukakamiza kuvula, onse ali ndi nthenda imodzi: amayesa thupi la nzika ndi munda wawo.

Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo kwa munthu aliyense, osati kwa ambiri okha. N'chifukwa chake mu 2023 khothi lalikulu ku Zomba lidalamula kuti ana achirasta azilandiridwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo lopota.

Tsiku lina phungu wina adzabwera nalo lamulo la ku France m'chikwama, ati n'chitukuko. Mkhristu, Msilamu ndi wa Gule Wamkulu, amenenso amaphimba nkhope, tidzalikanire limodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.