Mafupa a mu Blender ndi Chichewa cha ku Beatrice

Pali bodza limene lakhazikika ngati chiswe m'mitengo ya denga: lakuti mwana wa Chichewa akafuna kuphunzira kupanga makatuni pa kompyuta, ayenera kuyamba wasiya chinenero cha makolo ake pakhomo. Ku Beatrice, pamsewu wochoka ku Harare kulowera ku Masvingo, zidzukulu za amene anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'mafamu zikulimezabe bodzali.

Choyamba, lamulo lili kumbali yawo. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Chachiwiri, pulogalamuyo simawakaniza. Blender ndi yaulere kuyambira 2002, pamene Ton Roosendaal ndi anzake anaimasula kuti aliyense aigwiritse ntchito, ndipo kanema wa Flow wa ku Latvia, wopangidwa ndi pulogalamu yomweyi, anapata mphoto ya Oscar mu 2025. Mawu a m'pulogalamuyi amamasuliridwa ndi anthu odzipereka okha. Chichewa mulibe chifukwa eni ake sanakhale pansi kuti achiikemo.

Onyoza amati mawu ake kulibe. Ayambe aona chimene wophunzira amachita. Amaumba chifaniziro, amaikamo mafupa, ndipo Blender yeniyeniyo imawatcha mafupa. Kenako amakhoma chikhomo pa chithunzi choyamba, mwendo uli kumbuyo, china pa chithunzi cha 12, mwendo uli kutsogolo, kompyuta nʼkudzaza zapakati. Zithunzi 24 zikatha, sekondi imodzi yakwana. Kuumba, mafupa, chikhomo: liti mwa mawuwa lachokera ku London?

Chovuta kwenikweni pa luso ili si mabatani, koma kuona kayendedwe. Apa Chichewa nʼcholemera mochititsa nsanje. Kutsimphina, kudzandira, kunyang'ama, kunyang'wa, kukwawa, kupupuluma: liwu lililonse likuuza wopanga katuni kumene thupi lalemera, mwendo umene ukuchedwa ndi liwiro lake. Mwana amene wakula akuonerera Gule Wamkulu m'makomboni a m'mafamu, kumene anansi amautcha zvigure, anaphunzira kale mmene Kasiyamaliro amagwedezekera ndi mmene fumbi limatsatira phazi. Za kudambwe zikhale kudambwe, koma diso limenelo ndi chuma chimene sukulu ya ndalama singagulitse.

Zoona, magetsi amazimazima ndipo kompyuta yamphamvu ndi yodula, makamaka kwa mabanja amene ntchito zawo zinasokonekera pamene mafamu analandidwa kuyambira 2000. Koma umphawi wa zipangizo usasandulike mlandu wa chinenero. Malenga Mulendema wa ku Zambia anafikitsa atsikana a ku Lusaka pa Netflix mu 2023 kudzera mu Supa Team 4. Akatswiri a chinenero a ku Zomba, Chipata ndi Harare alembe mndandanda wa mawu a Blender, ajambule maphunziro oyamba m'Chichewa, awatumize pa WhatsApp ku Beatrice, anyamata ndi atsikana akumeneko akane mawu amene sakukoma mʼkamwa.