Miswachi yoluma ija: ageni musathamangire kuoda

Amene mumaoda katundu pa Alibaba kapena AliExpress mwina mwauona kale mswachi wachilendowu. Ndi kapulasitiki kopindika ngati chilembo cha U, kokhala ndi tiubweya mkati, kolumikiza ku kamakina ka batire. Mwana amangokaluma, wina n'kudina batani, kamakinako n'kuyamba kunjenjemera. Otsatsa amati pakangotha masekondi 10 kapena 30 mano onse amakhala atayera, popanda wogwira mswachi. Ya ana amaikongoletsa ndi nkhope za tinyama, ina imawala, ina imayimba.

Kholo limene limalimbana ndi ana atatu m'mawa uliwonse, wina akulira, wina wabisala kuseri kwa chitseko, nthawi ya sukulu ikutha, silingalephere kukopeka. Ogula angapezeke ndithu. Koma ine ndikuti musaikepo mpamba wanu, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti yambiri mwa miswachiyi sitsuka mano.

Mu 2020 akatswiri a mano a pa yunivesite ya Florence ku Italy adayerekeza mswachi wa U ndi mswachi wamba komanso wamagetsi wogwira pamanja. Miswachi iwiri yogwira pamanjayo idachotsa zoyanga za m'mano bwino lomwe. Wa U uja zotsatira zake sizidasiyane kwenikweni ndi za munthu amene sadatsuke n'komwe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Zoyanga zimakakamira pamene dzino lakumana ndi nkhama, ndipo zimachoka pokhapokha tiubweya tikazikwecha. Tiubweya ta miswachi yotchipayi ndi ta mphira wofewa wa silikoni, timangosisita. Komanso nsagwada za anthu sizifanana, pamene kapulasitikiko adakaumba pa chikombole chimodzi. Kwa mwana wina sikafika ku mano a kumapeto, kwa wina kamakula n'kumangogwedera.

Mbiri ya malondawa nayo ndi yophunzitsa. Kampani ya ku Austria yotchedwa Amabrush ndi imene idatchukitsa mswachi wamtunduwu mu 2017, pamene idatolera ndalama zoposa mayuro 3 miliyoni pa Kickstarter kwa anthu olipiriratu, powalonjeza kuti azitsuka mano m'masekondi 10. Ambiri amene adaulandira adadandaula kuti sukuyeretsa, ena sadaulandire n'komwe, ndipo pofika 2019 kampaniyo idagwa. Ngati anthu a ku Ulaya, okhala ndi mabungwe amphamvu oteteza ogula, adataya ndalama zawo, nanga inu amene mwatumiza ndalama kwa wogulitsa wongomudziwira pa foni mudzakadandaula kwa yani?

Zoona, pali makampani monga Y-Brush ya ku France ndi AutoBrush ya ku America amene amaika tiubweya ta nayiloni, tofanana ndi ta mswachi wamba, ndipo miswachi yawo ndi yabwinoko. Koma mtengo wake si wa pa benchi ya mu Limbe kapena m'Chigwirizano. Ndipo ngakhale imeneyo, malangizo ake amanena kuti wotsuka aziugwira n'kumauyendetsa uku ndi uku. Ndiye kusagwira pamanja kuja kwapita kuti?

Tsopano tiwerengetsere ngati amalonda. Chigawo cholumacho sabwerekana, ndipo chimafunika kusintha pakatha miyezi itatu iliyonse monga mswachi wina uliwonse. Banja la ana atatu lifuna zigawo 12 pa chaka. Mwana akafika zaka 6 amayamba kugweluka, mano aakulu n'kumamera mpaka cha m'ma 12, choncho saizi imene mwamugulitsa chaka chino mwina chaka chamawa siimukwana. Kuti kasitomala asakutukwaneni, mukuyenera kusunga masaizi angapo nthawi zonse, onse ogula ndi madola. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wooda kunja akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza. Onjezanipo msonkho wa MRA, ndiponso kuti katundu wa mabatire a lithium ali ndi malamulo akeake pokwera ndege, onyamula ena amalipiritsa mowonjezera. Ina mwa miswachiyi imafunanso mankhwala a thovu apadera, osati Colgate wa m'golosale. Kamakina kakafa, palibe wokonza mafoni amene angavutike nako. Kabwerera kwa inu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mwanayo. Kholo likagula chinthu chodula limakhulupirira kuti ntchito yatha, n'kusiya kuyang'ana mkamwa mwa mwana. Zoyanga zimangounjikana mwakachetechete, ndipo podzatulukira dzino limakhala litabooka. Kuno kwathu madokotala a mano ndi ochepa, ndipo dzino lofika kuchipatala mochedwa kawirikawiri limathera kuzulidwa. Malangizo a akatswiri sadasinthe: kutsuka kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, ndi mankhwala okhala ndi fluoride, kholo likuthandiza mpaka mwana atakwanitsa zaka 7 kapena kuposerapo. Makolo a mwana wolumala manja, kapena wokaniratu mswachi wamba, ndiwo angauganizire wa nayiloni uja, koma ayambe afunsa dokotala wa mano.

Ngati mukufuna kupanga ndalama pa mano a ana, odani timiswachi ta mutu waung'ono tofewa, ta mitundu yowala, ndi mankhwala otsukira mano a ana amene chubu chake chalembedwa kuti muli fluoride wosachepera 1,000 ppm. Onetsetsani tsiku lothera ntchito musanalipire katoni. Phindu pa kamodzi ndi lochepa, koma katunduyu safuna kutchaja, sabwezedwa, ndipo mayi yemweyo abweranso pakatha miyezi itatu. Kasitomala akaumirira wa U, muuzeni zoona zake za mswachiwo, alipiriretu, mumuodere umodzi wa nayiloni pamodzi ndi zigawo zosinthira za chaka chonse.