Mlendo Salipira Nsima, Ngakhale ku Johannesburg

Pali nkhani imene yakhala ikukambidwa m'midzi ya ku Kabwazi, ndipo ndi yoyenera kuti adzukulu aimve bwino. Mkulu wina, mwini mbumba, anakwera basi pachipata cha Dedza, nadutsa ku Tete, ku Nyamapanda ndi ku Beitbridge, kukaona mphwake amene amagwira ntchito ku Johannesburg. M'chikwama anatengamo ufa woyera, nyemba ndi nsinjiro. Tsiku la Sabata mphwakeyo pamodzi ndi anzake anati, "Atsibweni, lero tikadyere kunja." Anawatengera ku malo odyera a chimereka, kumene amaotcha nthiti za nkhumba zopaka msuzi wotsekemera, ndi kukazinga nsomba ndi nkhanu za m'nyanja ya mchere. Atatha kudya, woperekera zakudya anabweretsa bilu, anyamata anatulutsa mafoni nayamba kugawana mtengo, ndipo gawo lina analiika pamaso pa mkulu uja. Iye anamasula kachikwama kake, nalipira ndi ndalama imene anasungira ulendo wobwerera, osanena kanthu.

Mlandu pano si wa chakudyacho. Nyama yootcha si yachilendo kwa munthu amene anakulira pafupi ndi kanyenya wa pamsika, ndipo amene amadya ngumbi, ziwala ndi mbewa alibe chifukwa choopera nkhanu. Ngakhale luso lophika nyama ndi utsi kwa maola ambiri, limene Amereka amanyadira, linakhwimira m'manja mwa akapolo ochokera ku Africa amene ankaphikira mabwana awo m'madera a kummwera kwa dzikolo. Mlandu sulinso wa eni malowo, pakuti iwo ndi amalonda. Malo odyera a Spur, mwachitsanzo, anayambitsidwa ndi Allen Ambor mu 1967 ku Newlands mumzinda wa Cape Town, ndipo kufikira lero amagulitsa nyama ndi zokongoletsa za chimereka. Wamalonda akapempha ndalama yake salakwa. Wolakwa ndi mwana amene waitana atsibweni ake ku chakudya, kenaka nkuwasandutsa kasitomala.

Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chifukwa chake mlendo akafika pakhomo la Mchewa, nkhuku imagwidwa ngakhale ikhale yotsiriza m'khola, ndipo nthutumba imaikidwa m'mbale ya mlendoyo kuti adziwe kuti nkhukuyo yafera iye. Madzi osamba m'manja amayambira kwa wamkulu. Pa chidyerano mabanja ankasonkhanitsa mbale zawo pamalo amodzi, kotero kuti mwana wamasiye ankadya mtanda wofanana ndi wa mwana wa amfumu, popanda wowerenga nthongo. Mlendo akamatsanzika, ankamumangira kamba wa panjira. M'mwambo wonsewu mulibe pamene mlendo amafunsidwa kuti wadya zingati.

Achinyamata amayankha kuti moyo wa ku Joni ndi wodula: lendi, thiransipoti, sukulu ya ana, ndiponso ndalama yotumiza kumudzi. Amanenanso kuti kugawana bilu ndiwo mchitidwe wa kumeneko, ndipo kwa eni kulibe mkuwe. Zoti moyo ndi wodula nzoona, ndipo ambiri a iwo akusenza mabanja awiri ndi malipiro amodzi. Koma ngati thumba ndi lopepuka, ndani anawakakamiza kupita ku malo kumene mbale imodzi, pamodzi ndi kangachepe ka magawo 10 pa 100 alionse kopatsa woperekera, imadya ndalama yokwanira ndiwo za masiku angapo? Ufa unali m'nyumba, nsinjiro zinalipo, ndipo mkuluyo akanakondwa ndi nkhwani wotendera kuposa nthiti zimene analipira yekha. Kugawana bilu ndi kwabwino pakati pa anzako a kuntchito amene mwapangana kale. Atsibweni si mnzako wa kuntchito. Ndi amene anaimirira ukhoswe wa amako, ndiponso adzakhala woyamba kuitanidwa ukadzagwa m'mavuto.

Komanso ana amenewa sindiwo oyamba kuwoloka Limpopo. Azigogo awo anapita ku migodi kudzera mwa Wenela mpaka mu 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa maulendowo. Ena anapitanso ndi Theba kuyambira mu 1977 mpaka mu 1988. Amuna amenewo ankagona pa mabedi a simenti m'makomboni, malipiro awo anali ochepa, koma wa kumudzi akafika ankamulandira ndi chimene anali nacho, ndipo pobwerera ankabweretsa bulangete, njinga ndi wailesi. Iwo anaona za eni, koma sanagulitse ulemu wa kwawo. Mdzukulu amene ali ndi foni yodula asanamizire Johannesburg kuti ndiyo yamuphunzitsa umbombo.

Chopweteka kwambiri nchakuti zithunzi za chakudya chija zinafika kumudzi pa WhatsApp mkuluyo asanafike. Anthu anaona nthiti ndi nkhanu, nayamikira mwana wodziwa kusamala makolo. Bilu sinajambulidwe. Mkuluyo atafika anangoti, "Ana anatilandira bwino," pakuti wamkulu saulula manyazi a mbumba yake pabwalo. Koma amene anamubwereketsa ndalama ya basi yochokera pa Dedza kufika kwawo anadziwa, ndipo ndi mmene nkhaniyi inatulukira.

Akuluakulu anati patsepatse nkulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Anatinso kupatsa nkuika. Amene wadyetsa mlendo lero wasunga chakudya chake cha mawa, pakuti ntchito ya kunja imatha, mapepala amatha, ndipo ziwawa zothamangitsa alendo za mu 2008, 2015 ndi 2019 zinabweza ambiri ndi chikwama chimodzi chokha. Tsiku lotero palibe malo odyera amene adzamuphere nkhuku. Adzagogoda pakhomo la atsibweni omwewo ku Kabwazi, ndipo iwo adzauza mwana kuti athamangitse tambala, osafunsa kuti walipira zingati.

Choncho lamulo ndi lalifupi. Woitana ndiye wolipira. Ngati alibe, ateleke mphika.