Chamba ndi ubongo wa mnyamata wa padoko

M'madoko a Msaka, Malembo ndi Makawa, anyamata ena amayamba usodzi asanamere ndevu. Amachezera panyanja kukoka chilimira, ndipo akuluakulu awo amawauza kuti fodya wamkulu amachotsa kuzizidwa ndi mantha. Chimene sawauza n'chakuti mutu wa mwana wa zaka 15 sulandira chamba ngati mutu wa bambo wa zaka 40.

Ubongo umakhwima pang'onopang'ono mpaka munthu atayandikira zaka 25. Mbali yomalizira ndi ya kuseri kwa chipumi, imene imathandiza kudziletsa ndi kuganizira za mawa. Pa msinkhu umenewu ubongo umakhala ukudulira timitsempha tosafunika n'kulimbitsa tofunika, ndipo pa ntchitoyi umadalira timadzi take tina tofanana ndi THC, mankhwala oledzeretsa a m'chamba. THC akalowa amalanda malo a timadzito n'kusokoneza ntchitoyo. Zili ngati kuponda simenti yosauma: phazi limatsalira pomwepo.

Tisanamizane, si aliyense wosuta amene amachita misala. Anyamata amaona anzawo osuta ali bwinobwino, ndiye tikakokomeza sadzatimveranso. Koma ngozi ilipo ndithu. Mu 1987 akatswiri a ku Sweden anatulutsa zimene anapeza atatsatira anyamata oposa 45,000 kwa zaka 15: amene anali atasuta koposa ka 50 ankadwala matenda a misala otchedwa schizophrenia kuwirikiza kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi osasuta. Kafukufuku wa 2019 wa ku Ulaya ndi ku Brazil anapeza kuti kusuta tsiku lililonse kumawirikiza katatu ngozi yodwala misala, ndipo chamba chikakhala chaukali, pafupifupi kasanu. Woyamba msanga, komanso amene ku mtundu kwawo kuli matenda a m'mutu, ndiye ali pangozi kwambiri. Lamulo la chamba la dziko lino la 2020 lisatisokoneze: linaloleza kulima kwa okhala ndi chiphaso, pofuna mankhwala ndi zinthu za m'mafakitale, osati kusuta.

Matendawa sayamba ndi kuvula zovala pamsika. Mwana amasiya kugona, amadzitsekera m'nyumba, amaseka yekha. Kenako amakankha mbale ya nsima n'kunena kuti mayi ake athiramo poizoni, kapena amayankha mawu amene ena sakuwamva. Apa m'pamene timataya miyezi. Achibale amati walodzedwa, ena amati ndi majini, mapeto ake n'kumumanga chingwe m'chipinda. Dua ndi mapemphero zisalekeke, koma mwanayo afikenso ku chipatala cha boma ku Mangochi, ndipo adokotala auzidwe zoona za chamba popanda manyazi. Zikavuta amamutumiza ku Zomba Mental Hospital. Wolandira chithandizo msanga kawirikawiri amachira bwino kuposa wochedwa.

Akatuluka, ambiri amabwerera padoko lomwe lija, kwa anzawo omwe aja, ndipo kuyambiranso kusuta kumadzutsa matenda. Eni zilimira ndi makomiti a m'madoko amamudziwa amene amagulitsa chamba kwa ana. Ayambe ndi ameneyo.