Tinalipira, Bwanji Mukutitsekera Kunja?

Inu eni makampani opanga masewera a pakompyuta, ife amene timasewera pa Linux tili ndi dandaulo, ndipo tapirira nalo mokwanira.

Ambirife sitinabwere ku Linux chifukwa cha matama. Ena makompyuta athu ndi akale, Windows 11 inawakana poti alibe TPM 2.0, ndipo Windows 10 inasiya kusamalidwa pa 14 Okutobala 2025. Ena timangokonda pulogalamu imene aliyense ali ndi ufulu woiona mkati ndi kuikonza. Kale kusewera kuno kunali kowawa, koma mu 2018 Valve inatulutsa Proton, yomangidwa pa Wine, ndipo masewera a Windows anayamba kuyenda. Mu 2022 kunabwera Steam Deck, yomwenso mkati mwake ndi Linux. Lero masewera zikwizikwi amayenda bwinobwino.

Chotipweteka ndi mapulogalamu anu ogwira obera, aja mumati anti-cheat. Munthu wagula sewero ndi ndalama zake, watha mabandulo a intaneti kulitsitsa usiku wonse, wasewera miyezi, wagulanso zovala ndi zida za mkatimo. Tsiku lina kwabwera update. Akadina Play, zenera likungotseguka n'kutsekeka pomwepo. Anzake ali kale m'bwalo, akumuitana pamahedifoni, iye ali duu kuyang'ana uthenga wakuti kompyuta yake siyololedwa. Mu 2024 mokha, masewera angapo otchuka a pa intaneti anatitsekera motere, ena mwa iwo atayenda bwino pa Linux kwa zaka. Ndalama zobweza palibe, chifukwa pa Steam lamulo lake ndi lakuti ubweze pasanathe masiku 14, usanasewere maola opitirira awiri.

Mumati obera amabisala ku Linux popeza kernel yake aliyense akhoza kuisintha. Obera ifenso timadana nawo, amationongera masewera chimodzimodzi. Koma kodi ikaola imodzi ndiye kuti zonse zaola? Pa Windows obera sanathe, ngakhale mapulogalamu anu amalowa mpaka mkatikati mwa kompyuta ya munthu. Chotiwawitsa mtima kwambiri n'chakuti njira ilipo kale. Kuyambira mu 2021, Easy Anti-Cheat ndi BattlEye zimatha kugwira ntchito ndi Proton, chongofunika n'chakuti mwini sewero avomereze. Ena anavomereza, ndipo masewera awo sanagwe.

Sitikupempha kuti mutilembere sewero lathulathu la Linux. Tikupempha kuti mutsegule zimene zilipo kale, ndipo obera muziwagwirira kumaseva anu poona mmene akusewerera. Ngati mwatsimikiza kuti simutifuna, lembani poyera patsamba logulitsira munthu asanalipire. Ndipo amene mwamutsekera atagula kale, mubwezereni ndalama zake zonse.